Majini a ku Nayuchi

Foni inalira phazi lili pa chopondera, ndikuthamangitsa mayunifolomu a ana a sukulu pakhonde pamene ndimasokera, kuseri kwa msika wa Balaka. Anali achemwali anga a Monica, akuimba kuchokera kumudzi ku Utale. Moni sanapereke.

"Nelia, anesi a kafukufuku aja aimba. Akuti apeza majini m'magazi mwanga."

Ine si munthu wosowa chonena. Amayi amati pobadwa ndinatsogoza pakamwa, miyendo inabwera pambuyo. Koma apa singano inaima pakati pa kolala.

"Majini ati, achemwali?"

"Majini ali mitundu ingati? Bwera, amalume afika kale."

Ndiyambe ndafotokoza za kafukufukuyo. Chaka chatha a Monica anawachotsa bere lakumanzere kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Anapita mochedwa, chotupa chitaphulika kale, chifukwa kwa nthawi yaitali ankangochithowa ndi madzi otentha n'kumati ndi chithupsa. Ali m'chipatalamo kunabwera anthu ofufuza za khansa, n'kupempha magazi pang'ono ndi kachidutswa ka chotupa chimene anadulacho. Sananamize munthu. Ananena poyera kuti kafukufuku si mankhwala, kuti iwo akufuna kudziwa zizindikiro zimene khansa imasiya m'thupi, ndipo kuti za magazi zidzachedwa chifukwa akawapima kutali. Za kachidutswa kaja zinabwera msanga. Anati anafufuzamo mapulotini ena amene amasonyeza ngati mapilisi angagwire ntchito, sanawapeze, ndiye a Monica anawaika pa mankhwala a m'diripi aja othothola tsitsi. Za magazi tinaziiwala.

Ndinaphimba mashini ndi chitenje n'kukwera njinga yamoto. Mnyamata woyendetsayo ndinamulalatira kuti akuchedwa, ndipo atathamanga ndinamulalatiranso kuti akufuna kundipha.

Kumudzi ndinapeza a Monica atagona pamphasa pakhonde, duku kumutu, ataonda moti chitenje chinkawazungulira kawiri. Matendawo anali atalowera kumsana. Amalume a Blasius, alongo awo a amayi komanso mwini mbumba yathu, anali pampando pansi pa mtengo wa masawu, kolona ali m'manja. Amalumewa chilichonse chikachitika amakhala kuti ananena kale, ngakhale palibe amene amakumbukira tsiku limene ananenalo.

"Ine ndinanena," anatero nditangowapatsa moni. "Nthenda yeniyeni ukaidula imatha. Iyi aidula, yabwerera kumsana. Tsopano mpaka makina a azungu awaona majiniwo. Chinthu chikafika pooneka pa makina ndiye kuti chakhwima."

Kuno kwathu ngakhale Mkatolika wosaphonya misa amawadziwa majini. Timatunga pamjigo umodzi ndi anzathu Achisilamu, timalirana maliro, ndipo tonse tinaonapo mayi atagwa pansi n'kumalankhula ndi mawu a mwamuna. Choncho palibe amene anafunsa ngati zinali zoona. Mkangano unali woti tipite kuti. Amalume ankati tiitane abambo mfumu adzawaze madzi odalitsa. Mayi wina woyandikana nafe, amene anabwera kudzabwereka sefa n'kuiwala kubwerera, ankati za majini akatswiri ake ndi mashehe, ndipo anali kudziwa wina kutsidya kwa Shire. Ine ndinkangozungulira pabwalo, kukhala pansi kukukanika.

Amayi anali chapatali akupeta nandolo. Amayi athu akhoza kukhala pamsonkhano tsiku lonse osatulutsa liwu, n'kudzalankhula anthu akutsanzikana. Anaika lichero pansi.

"Majini amenewo si a pakhomo pano," anatero. "Ndi a ku Nayuchi."

Dzina limenelo silitchulidwa pakhomo pathu. Bambo athu a Jimu anali a ku Nayuchi, kumalire ndi Mozambiki, kumene makolo awo anachokera. Anabwera ku Utale ngati mkamwini, analima munda wa amayi, anabereka a Monica ndi ine, kenako tsiku lina ananena kuti akupita kwawo kukagula matemba. Matembawo tikuwadikirabe. Tinangomva kuti akwatira kumeneko ndipo abereka mwana wamkazi. Pamene anamwalira, uthenga unatipeza maliro ataikidwa kale.

"Alongo awo a bambo anu anali awiri," anapitiriza amayi. "Onse anafa asanachite imvi. Wamkulu ndinamuona ndi maso angawa, nditangokwatiwa kumene. Bere linali chilonda chokhachokha, m'nyumba simunkalowedwa. Anthu ankati majini akumuyamwa. Wamng'ono zinamuchitikira chimodzimodzi. Amati mayi awonso anapita choncho."

"Ndiye bwanji simunanene nthawi yonseyi?" ndinafunsa.

"Ndinene chiyani? Munkati khansa. Ine khansa ya ku Nayuchi sindikuidziwa."

Ndinapsa mtima, koma osati ndi amayi. Ndinapsa mtima ndi nesi amene angaimbire munthu wodwala chonchi n'kumuuza za mizimu. Achipatala ndi amene amatinyoza tikapita kwa asing'anga, lero akuombeza okha?

A Cathy, nesi wa kafukufukuyo, ankabwera kuchipatala cha paboma Lachiwiri lililonse. Ndinawapeza m'kachipinda kokhala ndi fani yosazungulira, ndipo sindinadikire kuti andilozere mpando. Ndinawakhuthulira zonse, za kolona wa amalume, za shehe wa kutsidya, za achemwali anga amene tsopano ankaopa kugona okha m'nyumba. Tepi yanga yoyezera inali idakali m'khosi.

Poyamba a Cathy anaseka, kenako anagwira pakamwa, nkhope n'kugwa.

"Pepani, asisi. Pepani kwambiri. Netiweki inkaduladula, ndipo ine ndinalankhula monga timalankhulira kuntchito. Si majini amenewo. Ndi liwu la Chingerezi. Kamodzi timati jini, ndiye tikachuluka ife timangoti majini. Ine ndinakulira ku Mzuzu, sindinaganize n'komwe."

"Safunsa anadya phula," ndinatero. Ndinakhala pansi.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Anati thupi la munthu lili ndi timalangizo ting'onoting'ono timene timauza chiwalo chilichonse zochita, ndipo munthu amatitenga kwa makolo ake. Kenako anayang'ana tepi yanga.

"Inu mumasoka. M'thupimu mumang'ambika tsiku ndi tsiku, ndipo pali kalangizo kena kamene ntchito yake ndi kuika zigamba. Mwa achemwali anu kalangizo kameneko kali ndi vuto, ndipo anabadwa nako. Sikuti aliyense amene ali nako amadwala, iyayi. Koma khansa ya m'bere imamupeza mosavuta, ndiponso adakali wamng'ono. Ubwino wodziwa ndi woti timamuyang'anira pafupipafupi. Chotupa chikapezeka chidakali chaching'ono, munthu amachira."

"A Monica zikanadziwika kale akanachira?"

Anangotembenuza pepala n'kusintha nkhani.

"Chimene chikutizunguza mutu ndi ichi," anatero. "Zinthu zoterezi zimasiya mapazi m'banja. Koma titawafunsa a Monica ngati kumtundu kwanu kuli wina amene anadwalapo khansa, anati kulibe."

"Sananame. Kumtundu kwathu kulibe. Agogo anafa ndi ukalamba, mano onse alimo. Amayi aang'ono akulima mpaka pano."

"Nanga kwa bambo anu?"

"Amenewo si a kumtundu kwathu. Mtundu ndi wa kwa amayi. Bambo ndi tambala, amalira n'kumapita." Ndinaseka mwachipongwe. "Kumeneko ndiye kuli majini enieniwo. Amayi akuti azakhali athu awiri anayamwidwa mabere mpaka kufa."

A Cathy sanaseke. Anaika cholembera pansi n'kundiuza kuti ndibwereze, ndipo pobwerezapo mawu anga omwe anandiopsa. Alongo awiri, mayi wawo, onse bere, onse asanakalambe. Liwu lolakwika lija linali litagogoda pachitseko choyenera.

"Magazi sadziwa chikamwini," anatero a Cathy. "Mwana amatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo. Mwamuna akhoza kunyamula kalangizo kameneka moyo wake wonse osadwala, n'kupatsira ana ake. Mwana wina amatenga, wina satenga. Inuyo mukafuna tikhoza kukupimani. Kodi bambo anuwo anali ndi ana ena?"

Ndinayang'ana fani ija. "Akuti kuli wina. Joanna. Sindinamuonepo, ndipo sindikumufuna."

"Ayenera kudziwa."

"Galimoto muli nayo. Kamuuzeni."

"Ife sitingagogode pakhomo la munthu amene sanatiitane n'kumuuza za magazi a munthu wina. Nkhaniyi ndi ya a Monica. Akalola, wopita ndi wapabanja."

Magazi anga ndinapereka tsiku lomwelo, atandifunsa kawiri konse ngati ndikufunadi kudziwa. Anati zotsatira zidzabwera mvula itagwa. Umenewu unali mwezi wa fumbi, mitengo ili mbee.

Masabata otsatirawo sindikuwafunira ngakhale mdani wanga. Ndinkadzigwiragwira posamba, povala, ngakhale pamashini ndikaona kuti palibe akuyang'ana, mpaka mabere anayamba kuwawa chifukwa chowafinya, ndiye kuwawako n'kumandiopsanso. Ndinasokerera mkono wa diresi la mayi wina chadodolido. Chakudya chinkangokhala m'kamwa. Ndipo nthawi iliyonse sitima ikadutsa kulowera ku Nayuchi, maganizo anga ankakwera nawo osalipira, kupita kwa mkazi amene nkhope yake sindinkaidziwa. Ndinkadana naye chifukwa anadya matemba athu, ndipo ndinkadana naye kwambiri chifukwa tsopano ankandilanda tulo.

Amalume, atamva kuti majini aja si mizimu, sanagwedezeke. Anati iwo ankadziwa, amangofuna kuona ngati ife tili ndi nzeru. Koma za ku Nayuchi anakana.

"Mbumba yanga ndi iyi ili panoyi. Mwana uja ali ndi amalume ake. Munthu anatichititsa manyazi mudzi wonse, lero tizikamulondolera ana? Za eni n'za eni."

Ndinagwirizana nawo, zomwe sizichitika kawirikawiri. Amene anatitsutsa anali a Monica, tsiku lina masana ndikuwayeza bulauzi yatsopano. Mabulauzi awo ndinkawasokera kathumba mkati, kumanzere, n'kuikamo thonje kuti chifuwa chizioneka chofanana. Tepi inandiuza kuti aondanso, ndipo ndinanama kuti nsalu ndi imene yatamuka.

"Nelia, upite."

"Kuti?"

"Usandifunse ngati sukudziwa. Ine ndinachedwa chifukwa panalibe wondiuza. Amene ankadziwa anali ku Nayuchi, sanabwere. Tsopano amene tikudziwa ndife."

"Akatithamangitsa?"

"Iwe? Anayamba wakuthamangitsapo ndani?"

Sitima ya anthu yopita ku Nayuchi siyenda tsiku lililonse, ndipo ikayenda sithamangira munthu. Ndinakwera pa Balaka m'mawa, pakati pa matumba a nandolo ndi njinga. Pa Nkaya tinaima kudikira ya malasha kuti idutse, mabogi akuda osatha, ndipo ine ndinatsika, ndinakwera, ndinatsikanso. Bambo wina anandifunsa ngati pampando wanga pali linthumbu. Titawoloka Shire pa Liwonde ndinaganiza zotsika n'kubwerera. Ndinali nditakonza mawu oyamba, koma aliyense amene ndinkakonza ankatuluka ngati chitonzo. Mapiri anatha, dziko linayala thyathyathya, minda ya mpunga yokololedwa kale ili gwa ndi dzuwa, ndipo anthu m'bogimo anasiya Chichewa n'kumacheza m'Chiyao ndi m'Chilomwe.

Ku Nayuchi sindinavutike kufunsa. Ndinali ndisanatsegule pakamwa pamene ndinaona a Monica ataima pamsika, kumbuyo kwa beseni la mpunga, dzanja limodzi m'chiuno, mutu utapendekera kumanja. Anali a Monica a kale, onenepa, a tsitsi lawo. Mpaka mpata wa m'mano unali womwewo. Ine ndinatengera amayi, ndine wamfupi, wakuda, ndipo moyo wanga wonse anthu akhala akufunsa ngati a Monica ndi ine tilidi a mimba imodzi. Ndinamva nsanje ndisanapereke n'komwe moni.

"Ndinu a Joanna, mwana wa malemu a Jimu?"

"Ndine. Tikuthandizeni?"

"Ndine Nelia. Wa ku Utale."

Nkhope yake inasintha. Anayang'ana chikwama changa, nsapato zanga, kenako anayamba kusalaza mpunga umene unali wosalala kale.

"Ngati mwabwerera za chuma, mwavutika ulendo. Bambo sanasiye kanthu. Munda ndi wa kwa amayi, njinga inagulitsidwa pamaliro."

Mawu onse aulemu amene ndinakonza m'sitima anauluka.

"Anasiya," ndinatero. "Anasiya kanthu, ndipo achemwali anga alandira kale gawo lawo. Ndabwera kudzakuuzani kuti mwina lanu lilipo."

Azimayi a mabeseni oyandikana anali atasiya kugulitsa, makutu ali tcheru. Joanna anawaona, anauza mmodzi kuti amuyang'anire mpunga, n'kunditsogolera kunyumba kwake kuseri kwa njanji. Anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi, koma iye anakhala kutali, kumphepete kwenikweni.

Ndinafotokoza monga momwe ndikanathera. Za a Cathy, za timalangizo, za zigamba. Ndikuganiza kuti ndinasokoneza zambiri, chifukwa ine ndine telala. Nditatchula za azakhali aja, Joanna anagwedeza mutu.

"Zimenezo tikuzidziwa. Ndi majini a kwa bambo. Koma ine sangandikhudze, si ine wa mtundu wawo. Komanso amayi asanamwalire ananditengera kwa munthu, ananditchinjiriza."

Anapisa dzanja m'bulauzi n'kutulutsa kachithumwa komangirira pa lamba wa kamisolo, pambali pa mendulo ya Amayi Maria. Kanali kosokedwa ndi ulusi wakuda, masokedwe oipa, otalikirana. Ndinafuna kunena zimenezo, koma kamodzi m'moyo ndinaugwira mlomo.

"Nafenso tinkatero," ndinati. "Tinkati mtundu ndi wa kwa amayi."

"Ndiye mukufuna ndikhulupirire kuti mwakwera sitima chifukwa chondikonda?"

"Iyayi. Sindikukondani. Ndatumidwa."

Anatsala pang'ono kumwetulira. Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha a Monica cha pa ukwati wa msuweni wathu, zaka zingapo zapitazo. Joanna anayandikira, anaitenga foniyo m'manja mwanga, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Chala chake chinapita pamano ake osadziwa. Kenako ndinasuntha chithunzicho n'kumuonetsa cha mwezi watha, a Monica ali pamphasa, duku kumutu, mafupa a m'khosi ali poyera.

"Ndi munthu yemweyo?"

"Yemweyo. Anayamba ndi kanthu kakang'ono kosawawa."

Anandibwezera foni. Anadzuka, anakasuzumira panja ngati pali ana, anabwerera n'kutseka chitseko. M'nyumbamo munada. Ndinamva akumasula mabatani, kenako anagwira dzanja langa n'kuliika pabere lake lakumanja, chakumtunda, kufupi ndi m'khwapa. Anakanikiza zala zanga.

Kanalipo. Kolimba, kosasuntha, kukula kwake ngati njere ya nandolo. Chimene ndinakhala ndikuchifunafuna m'thupi mwanga masabata onse aja ndinachipeza m'thupi mwa munthu wina.

"Kayamba liti?"

"Pokolola mpunga. Sikawawa. Ndimati mwina ndi mkaka unatsalira."

"Bambo akunyumba akudziwa?"

"Palibe akudziwa. Ndinkaopa kuti ndikakatchula dzina, kamva."

Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire, ndipo mantha anga amatulukira m'ukali. Ndinamuuza kuti alongedze. Anati mpunga, ndinati mpunga suola. Anati ana, ndinati ali ndi bambo wawo. Anati adikire amuna ake abwere kuchokera kutsidya kwa malire, ndinati tiwadikira limodzi, ndipo akakana ndilankhula nawo ineyo. Bamboyo atabwera madzulo sanakane. Anali munthu wofatsa, anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anakhala pansi n'kufunsa ngati angaperekeze.

M'mawa mwake sitinadikire sitima. Tinakwera njinga zamoto mpaka pamsewu waukulu, kenako minibasi, fumbi lili m'mano. Ndinali nditaimbira kale a Cathy, ndipo ulendo uno ndinawauza kuti asankhe bwino mawu.

Zinthu za chipatala siziyenda monga momwe mtima umafunira. Anamupima pa Balaka, anamutumiza ku Blantyre, anadula kachidutswa, tinadikira. Joanna ankagona kwa ine m'kachipinda kanga ka lendi, ndipo tinkakangana za chilichonse, mchere wa m'ndiwo, zenera, wailesi. Amayasamula mofuula ngati a Monica. Kachidutswa kaja kanabwera ndi yankho loti ndi khansa. Anamuchita opaleshoni mitambo itayamba kusonkhana, ndipo adokotala anati m'khwapa sinafikemo. Anati akanadikira mpaka kukololanso mpunga, nkhani ikanakhala ina. Mankhwala a m'diripi ankamudikirabe, ndipo bere linalo azidzaliyang'anira moyo wake wonse, koma liwu loti kuchira analitchula, ndipo ndinawauza kuti alibwereze.

Zotsatira za magazi zinabwera chimanga chili m'mawondo. A Cathy anatiitana mmodzimmodzi. Mwa Joanna anakapeza kalangizo kaja, komweko ka a Monica, vuto lake lomwelo. Mwa ine sanakapeze.

Ndinatuluka panja n'kukhala pachitsa. Ndinasangalala, sindingabise. Koma pansi pa chisangalalocho panali kanthu kena kopusa. Bambo anga sanandisiyire nkhope, sanandisiyire msinkhu, ndipo ngakhale nthenda yawo anandimana. A Monica ndi mlendo wa ku Nayuchi anali ndi chinthu chawochawo chimene ine ndinalibe. Ndinadziuza kuti ndine chitsiru, n'kupukuta m'maso ndi tepi.

A Monica anali atasiya kuyenda, ndipo anatumiza mawu kuti akufuna kumuona munthuyo asanabwerere kwawo. Joanna anazengereza, ine ndinazengereza, koma tinapita. Ndinali nditamusokera bulauzi ya kathumba kumanja. Sindinamuyeze n'komwe, ndinangotenga miyezo yakale ya a Monica, ndipo inamukwana.

Amalume anali pampando wawo pansi pa masawu. Anamuyang'ana Joanna kuchokera kumutu mpaka kumapazi, anatsokomola, n'kunena kuti iwo ananena kale kuti chibale ndi fupa, sichiola. Palibe amene anawatsutsa. Amayi anali pakhonde pafupi ndi mphasa ya a Monica, akusankha nyemba. Moni wa Joanna anauyankha osadzutsa mutu.

A Monica anali atatsinzina. Anamva mapazi athu n'kufunsa ndi mawu otsika.

"Mng'ono wanga wafika?"

"Ndili pano, achemwali," ndinatero.

"Iwe ndakumva kale uli kumsewu. Ndikunena winayo."

Zinandilasa, ndipo ndinaima pomwepo. Joanna anagwada pambali pa mphasa. A Monica anatsegula maso, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja n'kugwira kathumba ka thonje kaja. Anaseka pang'ono, mpata wa m'mano uli poyera, ndipo Joanna anagwira kawo.

Amayi anali atasiya nyemba. Ankayang'ana nkhope ziwirizo, ndipo ndikudziwa kuti ankaonamo bambo athu. Ndinkadikira kuti adzuke alowe m'nyumba. M'malo mwake anafunsa.

"Ana muli nawo angati?"

"Wamkazi mmodzi, amayi. Princess."

"Ndafunsa onse. Aamuna omwe."

Joanna anadabwa. "Aamuna awiri."

"Akakula mudzawauze onse atatu. Musadzadikire kuti adzafunse." Anatolanso lichero lawo, kenako anandiyang'ana ine. "Nanga iwe wangoima ngati mlendo bwanji? Munthu wachokera ku opaleshoni, akugwada pansi. Kamutengere mng'ono wako mpando."

Ndinalowa m'nyumba kukatenga mpando.